Za mlamu wako, usamangoti atuluka mawa

Aise,

Uthenga wako wa pa WhatsApp ndaumva, koma mmene ukuyankhuliramo ngati nkhani yatha kale, eti mlamu wako anadziteteza nde apolisi angomufunsa pang'ono n'kumuuza kuti zipita kwanu. Johannesburg yakuiwalitsa zakuno eti? Munthu wafa aise. Munthu akafera m'manja mwako mlandu amautsegula wakupha kaye, zoti umadziteteza umakazinena kukhoti, ndipo osati kwa majisitireti wa pa boma pano ayi, mlandu wakupha umazengedwa ku High Court basi. Pano mlamu wako ali pa limandi, mkono uli ndi bandeji, wawonda kale.

Mmene anandifotokozera chemwali ako ndi izi. Cha m'ma 1 koloko usiku agalu anayamba kuuwa, mlamu wako anatuluka ndi tochi ndi mpini wa khasu, anapeza anyamata atatu atatsegula kale khola ng'ombe ziwiri zili panja. Mmodzi anamulumphira ndi chikwanje n'kumutema pamkono, iye n'kumumenya ndi mpini uja pamutu. Anzakewo anathawira kumunsi cha ku Shire. Mnyamatayo anamwalira ali pa ngolo asanafike kuchipatala.

Ndinakakhala pansi ndi paralegal wina, aja othandiza pa za malamulo amayendera anthu m'ndende, anandimasulira bwinobwino. Mu Penal Code, buku la malamulo a milandu ndi zilango zake, kupha kuli pa gawo 209, chilango chake pa 210, imfa kapena ndende moyo wonse. Kale ukangopezeka wolakwa jaji analibe kuchitira mwina koma kukugamula kunyongedwa, zinasintha mu 2007 pa mlandu wa Kafantayeni, ndipo chichokere 1992 palibe amene wanyongedwa m'Malawi muno, nde chemwali ako ukamayankhula naye umuuze zimenezi chifukwa akungolira za chingwe usiku wonse. Zodziteteza zili pa gawo 17, ndipo khoti likavomera kuti unadzitetezadi sikuti amakuchepetsera zaka, umatuluka ulibe mlandu. Chinanso chomwe chinandilimbitsa mtima n'choti iye akangonena kuti amadziteteza ndipo pali umboni wooneka, ntchito yotsutsa zimenezo ndi ya oimira boma, iwowo ndi amene ayenera kuonetsa mosakaikitsa kuti sizinali choncho.

Koma jaji amayang'ana ngati ngozi inalipo nthawi yomweyo, komanso ngati mphamvu imene unabwezera ikugwirizana ndi zimene zimakuchitikira. Chikwanje chili m'mwamba iwe n'kumenya kamodzi, zimenezo zimamveka. Koma wakuba akatembenuka n'kumathawa iwe n'kumuthamangitsa mpaka kudimba, kapena wagwa pansi iwe ukumenyabe, pamenepo sikudzitetezanso ndi kubwezera, ndipo zoti ng'ombe zinali zako sizikupulumutsa. Loya akhoza kulimbana kuti mlanduwo utsike ukhale wakupha mosakonzekera, koma umenewonso ndi ndende.

Apa m'pamene tulo tikundisowa. Amalume ako aise, amalume ako. Tsiku lililonse ali pa bawo pa Dyeratu kuuza aliyense kuti mbava ija tinaimaliza, tinaionetsa kuti kwathu sikuseweredwa, pomwe usiku umenewo anafika anthu atadzadza kale pabwalo. Akuganiza kuti akumutamanda mkamwini wawo koma akumukumbira dzenje. Ndinawakokera pambali ndikuwauza kuti malume chonde pakamwapa, anandiyankha kuti mwana iwe ukudziwa chani, ng'ombe za anthu zakhala zikuwoloka kupita ku Mozambique chaka ndi chaka palibe womangidwa. Zoona ng'ombe zikubedwa, inenso zimandiwawa, koma mawu akuti tinaimaliza akafika m'khutu la wapolisi nkhani isanduka ya gulu lomwe linapha munthu atagona pansi. Pano nkhani yakula, wina wa kabaza anandiuza ku Nchalo kuti anamva zoti anamuthamangitsa mpaka m'mizimbe, wina akuti anamumanga kaye pa mtengo. Ndikagona ndimangoona amalume ako ataima m'bokosi la mboni atavala chipewa chawo chija akubwereza tinaimaliza pamaso pa jaji. Iweyo amakumvera chifukwa umawatumizira ndalama, ayimbire lero lomwe, uwauze kuti akapitiriza za Khirisimasi aiwale.

Ndipo chomwe ndikuopa kwambiri n'choti mwina mwa anthu amene anathamangira kuja alipo anamupondadi mnyamatayo ali pansi. Chemwali ako akuti sanaone, kunali mdima. Lipoti la adokotala amene anapima mtembo likaonetsa bala limodzi kutsogolo kwa mutu tipuma, likaonetsa mabala kumsana ndi m'nthiti ntchito ilipo.

Malaya amene mlamu wako anavala usiku uja chemwali ako anachapa ndi sopo m'mawa mwake, magazi onse anachoka, sanadziwe wosauka. Buku lake lakuchipatala pomwe analemba za kusokedwa mkono ndalisunga ine mu pulasitiki, chikwanje anatenga apolisi. Ndinamuuzanso mlamu wako kuti ali ndi ufulu wokhala chete ndipo asasayine sitetimenti yomwe sanamuwerengere m'Chichewa.

Za belo usamve za anthu, imatheka ngakhale pa mlandu wakupha koma amapereka ndi a High Court, nde pakufunika loya alembe mapepala. Tikupita ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yopereka maloya kwa osauka, poti ya loya wolipira tilibe. Paralegal uja anati lamulo limaika masiku 90 osunga munthu pa mlandu ngati umenewu asanayambe kuzengedwa, nde tiziwerenga masikuwo tisamangokhala. Ndalama ukatumiza itumize kwa chemwali ako mwachindunji, ndi ya thiransipoti yokwera Thabwa kupita ku Blantyre ndi ya kamba wopita naye kundende, pali anthu ayamba kale kumuzungulira eti akudziwa sing'anga wa ku Nsanje woziziritsa milandu.

Kunja kuno kukutentha zoopsa, usiku tikugona pakhonde udzudzu n'kumatimaliza, magetsi akuzima nthawi yomwe ukufuna kutchaja foni, ndipo foni ija unandilonjeza chaka chatha mpaka lero ili m'sitolo eti? Batire ya iyi ikufufuma. Ukwati wa mng'ono wanga unachitika, ndidzakuuza. Mbuzi za aneba zandidyera mbewu ya mbatata yonse kudimba ndipo eni ake akungoti pepani, pepani imeneyo ndibzala?

Mayi ake a mnyamata uja anabwera kuchokera kutsidya, ku East Bank. Sanatukwane munthu, anangokhala pansi pafupi ndi khola n'kumafunsa kuti anagwera pati. Mwana wake anali wamng'ono kuposa ife aise. Chemwali ako anawapatsa madzi, ine ndinasowa chonena. Amfumu akuti mabanja awiriwa adzakhale pansi, paralegal akuti zimenezo sizithetsa mlandu wa boma komabe ine ndikuona kuti tipite ndithu, nde ndimafuna ndikufunse ngati iweyo ungavomere kuti pa ndalama ija titengeko ya chipepeso.