Tionetseni zithunzi za anthu wamba

Akonzi, nyuzipepala yanu ichepetse zithunzi za mabwana akudula maliboni, izitionetsa moyo wa anthu wamba.

Agogo anga anapita ku Joni ndi Wenela, koma za kumigodi sankazikamba. Ndinadzazimvetsa nditaona zithunzi zojambulidwa ndi Ernest Cole wa ku South Africa: amuna ali mbulanda pamzere, manja m'mwamba, akudikira kupimidwa ngati ng'ombe pamsika. Boma la tsankho linaletsa buku lake la 1967, mwiniwake n'kufera ku New York mu 1990.

Nanga amene anasamutsidwa ndi namondwe Freddy mu 2023 akukhala bwanji lero? Tumizani ojambula akakhale nawo masabata angapo, osati ola limodzi. Patulani tsamba lathunthu Loweruka lililonse, ndipo dzina la wojambula lizilembedwa pansi pa chithunzi chake.