Opita kumudzi pa Khirisimasi musaiwale masikito

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga ochokera ku Malawi amene tikukhala kuno ku Harare, makamaka a ku Mbare, Epworth ndi Mabvuku, poti ambiri tayamba kale kumanga katundu wopita naye kumudzi.

Chaka chatha ndinatenga mdzukulu wanga wa zaka zinayi, wobadwira konkuno, kuti akaone kwawo ku Nkhotakota. Tinadzera pa Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kukalowera pa Dedza. M'chikwama munali shuga, sopo, mafuta ophikira ndi zitenje za azilamu anga. Za masikito sindinaganizeko n'komwe. Kumudziko neti inalipo imodzi yobooka, inayo anyamata anali atapita nayo kudambo kukagwirira matemba.

Tinabwerako bwinobwino. Patatha sabata ndi theka mwana thupi linatentha. Ine ndinati ndi chimfine cha nyengo ya mvula, n'kumamupatsa Panado masiku awiri. Usiku wa tsiku lachitatu anayamba kunjenjemera ali m'mabulangete awiri, mano akugundana, kenako maso anatembenuzika, thupi gwaa. Ndinamubereka kumbuyo opanda ngakhale nsapato kuphazi. Kuchipatala anamwino poyamba sanaganizire za malungo, ndipo sindiwaimba mlandu, chifukwa Harare ili pamalo okwera ndi ozizira, matendawa sachuluka kuno ngati ku Mudzi kapena ku Kariba. Nditangotchula kuti tinali kunyanja ku Malawi, anamubaya chala, pakachipangizo koyezera malungo panatuluka timizere tiwiri. Anagonekedwa masiku asanu, mpaka anamuika magazi. Anachira, koma masiku awiri a Panado aja amandisowetsabe tulo.

Ife akuluakulu timadzitama kuti tinakulira m'mphepete mwa nyanja, udzudzu umatidziwa. Bodza limenelo. Mphamvu yolimbana ndi malungo imene thupi limakhala nayo imachepa munthu akakhala zaka zambiri kumalo kopanda matendawa. Ine ndatha zaka 30 kuno, ndikafika kumudzi ndine mlendo. Nanga mwana wobadwira ku Mbare ali ndi chiyani? Bungwe la WHO limati malungo amapha anthu pafupifupi 600,000 pachaka, ambiri mwa iwo ana a mu Africa muno osakwana zaka zisanu. Ku Malawi anayamba kupereka katemera wa malungo kwa ana mu 2019, koma mdzukulu wangayo katemerayo sanamuone.

Ndipo alipo azigogo anzanga amene mpaka lero amatuma ana kukafuna kolorokwini. Malawi anasiya mankhwalawo mu 1993 chifukwa tizilombo tinali titawazolowera. Masiku ano mankhwala a malungo ndi LA, ndipo amamwa masiku atatu onse, osasiyira panjira poti mwana wayamba kusewera.

Mukabwerako kumudzi, wina akatentha thupi, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo ndipo muyambe ndinu kunena kumene munali, musadikire kuti akufunseni.

Pempho langa lina likupita kumabungwe athu a maliro. Mwezi uliwonse timasonkha ndalama za bokosi ndi galimoto yonyamula thupi, osaphonya. Kodi tingalephere kupatulako pang'ono kuti banja lililonse lopita kumudzi linyamule neti yonyikidwa m'mankhwala? Kubungwe kwathu nkhaniyi ndikaitula Lamlungu likubwerali, a tcheyamani adziwiretu.

Nangondo,
Mbare, Harare