Za mutu wakowo, mwana wanga

Mwana wanga,

Dzulo ndakuimbira kawiri sunayankhe, ndiye ndangoti ndilembe. Mng'ono wako wandiuza zonse ndipo usamukalipire ayi, ndachita kumupanikiza ndine. Akuti Lachiwiri pa training ya hockey ya pa ayezi mnzako anakugunditsa kukhoma, mutu unamenya galasi lija la m'mbali mwa bwalo, usiku wake unasanza, ndipo mpaka lero ukungobindikira kuchipinda makatani otseka chifukwa kuwala kukukulasa m'maso. Koma iwe wamuuza dokotala wa timu kuti uli bho. Uli bho chani iwe?

Chifukwa chake ndikuchidziwa, usaone ngati mayi ako sindizitsata. Malo pa timu ndi 23 okha, atsikana ku kampuko ndinu ambiri, ndiye ukuopa kuti ukangoti mutu ukupweteka kochi ayang'ana wina, kontirakiti basi yapita. Ndikukumbuka mmene unalirira mu 2019 CWHL, ligi ya hockey ya amayi ya ku Canada ija, itatsekedwa, unakhala pa masitepe a pakhomo ndi chikwama chako chonunkha chija nkumati ndiye tikakula tizikasewera kuti. Ligi yanu yatsopanoyi ya PWHL itayamba pa 1 January 2024 tinaonera limodzi Toronto ndi New York, iwe osakhala pansi mpang'ono pomwe. Ndikudziwa kuti mwayi umenewu akuluakulu ako anaudikira zaka zambiri. Koma malipiro otsikitsitsa ligiyo itayamba anali 35,000 dollars pachaka, ndiye undiuze, ndalama imeneyo ingakugulire ubongo wina?

Helemeti imateteza chigaza, ubongo umagwedezekabe mkatimo, izi unandiphunzitsa ndiwe wemwe utachokera kusukulu. Ndipo choopsa ndi kugundidwa kachiwiri pamene koyamba sikunapole. Ligi yanuyi muja mukugundirana m'mbali mwa khomamu si zija za ubwana, ine ndimachita kutseka maso. Amanda Kessel, wosewera wa timu ya America uja, umamudziwa kuposa ine. Anavulala mutu, anakasewera ku Olympics ya ku Sochi mu 2014, atabwerako anakhala pafupifupi zaka ziwiri osasewera, anabwerera mu 2016 ndipo mu 2018 anavala golide wa Olympics. Ngati iye anadikira nthawi yonseyo hockey osamuthawa, iwe masabata angapo akukukanika?

Ndimagwira ntchito ndi agogo oiwala usiku uliwonse, ukudziwa. Pali mayi wina amandifunsa dzina langa kasanu ndisanamalize kumusambitsa, mwana wake akabwera amamupatsa moni ngati mlendo. Sindikunena kuti iwe zidzakuthera choncho, zawo ndi za ukalamba. Koma ndikamupesa tsitsi mayi ameneyo sabata ino ndikumaona iwe, manja nkumanjenjemera.

Unali ndi zaka 6 pamene unandikakamiza kuti ndikugulire ma skate a kaunjika aja, aakulu mpaka tinkaikamo masokosi awiri. Ndinkachoka ku night shift 6 koloko, osagona, nkukutengera ku rink, bwalo la ayezi lija, ine munthu wa ku Dedza amene ndinkayesa ndikuidziwa mphepo, zala kuuma ndikukumanga zingwe. Agogo ako pa foni ankangoti mwanayo mukumuseweretsa pa ayezi bwanji, sazizidwa? Mtsikana wakuda pa timu yonse unali iwe wekha, ndipo Sarah Nurse, wakuda mnzako wa timu ya Canada, atatenga golide wa Olympics ku Beijing mu 2022 unandikumbatira mpaka tiyi kutayika. Zonsezo sindidandaula nazo, ngakhale kobiri limodzi. Koma khama lakoli, lomwe lakufikitsa apa, ndi lomwenso likundiopsa, chifukwa unayamba kale kubisa. Dzanja lija unathyoka uli ndi zaka 13 unakhala nalo masiku atatu osanena, tinachita kuona ukulephera kugwira supuni.

Dzanja linalumikizika. Mutu suikidwa pulasitala mwanawe.

Abambo ako sindinawauze, BP yawo ukuidziwa, koma sindibisa mpaka kalekale. Iwo akamva akwera galimoto usiku womwewo kudzakutenga, ndiye sankha wekha.

Mawa m'mawa upite kwa dokotala wa timu ukanene zonse, kusanzako, kuwalako, ngakhale tulo ngati sitikubwera. Usakachepetse, ndimakudziwa iwe umayamba ndi kuseka. Akakuuza kuti upume upume, ndipo kubwerera pa ayezi kuzikhala pang'onopang'ono mmene iwo anenere, osati mmene iwe ukumvera. Galimoto usayendetse, foni uchepetse, ukamaliza kuwerenga izi uyiike pansi. Ukayambanso kusanza kapena mutu ukamakulirakulira usadikire kuche, wina akuthamangitsire kuchipatala. Akapereka malo ako kwa wina ndilira nawe limodzi, chipinda chako chilipo, ndipo digiri ija sitinaipachike pakhoma kuti izingokongoletsa.

Loweruka ndili off, ndikubwera ndi basi yam'mawa, ndatenga ufa ndi usipa uja anabweretsa azakhali ako. Ukatuluka kwa dokotala undiimbire, osati meseji, ndikufuna ndimve mawu ako.

Ndine mayi ako