Dandaulo kwa eni bizinesi yotengera alendo pansi pa nyanja ku Cape Maclear

Ndikulemba poyera chifukwa mauthenga anga a pa WhatsApp mukuwawerenga koma simukuyankha. Mwezi watha, kumapeto kwa sabata, ine ndi mlongo wanga tinabwera kwanu kuchokera ku Lilongwe kudzayesa scuba diving koyamba. Tinalipira K190,000 aliyense, zonse pamodzi K380,000, pa Airtel Money, ndipo uthenga wake ndikadali nawo. Tisanatumize ndalamazo ndinanena momveka kuti sitinalowepo pansi pa madzi ndi botolo la mpweya, ndiponso kuti mlongo wanga ankadwala mphumu ali mwana. Munatiyankha kuti tisadandaule, wotiperekeza adzatisamalira.

Palibe amene anatipatsa fomu yofunsa za umoyo wathu. Malangizo onse tinawamvera m'boti injini ikulira, tikupita ku chilumba cha Thumbi, ndipo sanakwane mphindi khumi. Tinali alendo asanu ndi awiri, wotiperekeza mmodzi. Bungwe la PADI, loona za maphunziro a scuba diving, lomwe chizindikiro chake munachimata pakhomo panu, limafuna kuti munthu woyamba kumene ayambe wayeserera m'madzi osaya, aphunzire kutulutsa madzi m'magalasi ndi kubwezera chopumira pakamwa chikachoka, komanso asapitirire mamita 12. Ife palibe chomwe tinayeserera, ndipo pamene ndinayang'ana geji yanga yoonetsa kuzama pansi paja inkaonetsa mamita 17.

Mlongo wanga anayamba kuloza khutu lake tikutsika kumene, koma wotiperekezayo anali patsogolo ndi kamera, akujambula alendo ena pakati pa nsomba za mbuna. Madzi atalowa m'magalasi mwake, mantha anamugwira, nayamba kupalasa mwamphamvu kuthamangira kumwamba. Ndinamugwira mwendo ndi dzanja limodzi osadziwa ngati ndikuchita bwino, ndipo nkhope yake ya nthawi imeneyo sinachoke m'maso mwanga mpaka lero. Ndaphunzira pambuyo pake kuti munthu akakwera mothamanga atagwira mpweya, mpweya wa m'mapapo umafufuma mpaka kuwang'amba, ndipo zimenezi zimatha kupha munthu ngakhale pamadzi osazama. Mfundo yaikulu chonchi sanatiuze.

Titatuluka, m'magalasi mwake munali magazi a m'mphuno ndipo khutu lakumanzere silinkamva. Ndinafunsa ngati m'botimo muli oksijeni kapena bokosi la chithandizo choyamba, koma munalibe chilichonse. Chomwe chikundiwawa koposa ndi mawu a wotiperekeza uja. Mlongo wanga akunjenjemera, iye anati, pamaso pa anthu onse, "Achimwene, ngati achemwali anuwa amaopa madzi, bwenzi atatsala kumtunda n'kumadya chambo." Ena anaseka. Munthu amene tinamupatsa moyo wathu m'manja ndiye anatichititsa manyazi, ndipo boti silinabwerere kugombe mpaka anzathu aja atamaliza kujambulitsa. Pagombe bwana wa pakauntala anangoti ndalama sizibwezedwa popeza m'madzi tinalowa.

Kuchipatala ndinalipira K45,000, ndipo adokotala anapeza kuti khutu lavulala mkati chifukwa cha kupanikizika kwa madzi. Mpaka pano akumva kulira m'khutumo usiku.

Abale anga amene mukuwerenga, tandiuzani ngati ndikulakwa kudandaula. Ambiri a ife tinakulira kumtunda, ndipo tikamva kuti pali wotiperekeza timakhulupirira kuti tili m'manja mwa katswiri. Musanalipire, funsani kuti wotiperekeza mmodzi atenga anthu angati, muone setifiketi yake ndi maso anu, ndipo musakwere boti lopanda oksijeni.

Kwa inu eni ake, ndikufuna K425,000 yanga yonse, ndiko kuti K380,000 ya ulendowu ndi K45,000 ya kuchipatala, pamodzi ndi kupepesa kolemba kwa mlongo wanga. Ndikufunanso mundionetse mapepala otsimikiza kuti mnyamata uja ndi wovomerezeka kutenga anthu osadziwa. Ngati pofika Lachisanu likudzali simundiyankha, ndikatula nkhaniyi ku bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission ndi ku Dipatimenti yoona za Zokopa Alendo, ndipo ndilembera PADI ndi umboni wonse: uthenga wa malipiro, kalata ya adokotala, ndi manambala a alendo awiri a m'boti lija amene avomera kale kuchitira umboni.