Kwa makasitomala athu a makina a DAT: kagwiridwe ka nchito pa shopu kasintha

Moni nonse, azibambo, azimai, abusa ndi akuluakulu a makwaya, anyamata a m'masitudiyo, ndi inu nonse amene mwakhala mukutibweretsera makina a DAT (Digital Audio Tape, makina ojambula ndi kuliza mawu a digito pa timakaseti tating'ono) kuti tikonze. Tikhulupirira muli bwino.

Talemba kalatayi kuti nkhaniyi muimve kwa ife eni ake, musamve za m'maluwa. Kuyambira pa 1 mwezi wa mawa sitizilandiranso mitundu yonse ya makina a DAT ngati mmene tinkachitira kale. Tizikonza mitundu yochepa chabe, ndipo nchito yathu yaikulu manje ikhala kuchotsa nyimbo ndi mawu m'matepi anu a DAT kuika mu kompyuta. Shopu sitikutseka ayi, tikadali pompano ku Kamwala, anthu ake ndi omwewa.

Vuto lagona pa hedi, kachipangizo kamene kamalemba ndi kuwerenga mawu pa tepi. Amene munasuzumirako mkati mwa makinawa mukudziwa kuti DAT sili ngati kaseti wamba uja wa mu wailesi. Mkati muli dramu yozungulira ngati ya vidiyo, pa makina ambiri aakulu ndi ya 30 mm, imazungulira ka 2000 pa mphindi imodzi, ndiye mahedi ali pa dramu pomwepo, akulemba timizere topendekera pa tepi yomwe m'lifupi mwake ndi 3.81 mm basi. Kamzere kamodzi ndi kopyapyala kuposa tsitsi la m'mutu kangapo konse. Tepi yokha imayenda pang'onopang'ono, 8.15 mm pa sekondi, koma hedi ikuikhula mothamanga nthawi yonse imene mukuliza, ndiye ola lililonse hediyo ikudyeka pang'ono, ndipo ikadyeka yadyeka, simungainole kapena kuiwotcherera. Sony anatulutsa DAT mu 1987 ndipo anasiya kupanga makinawa mu 2005, makampani enanso anasiya kalekale. Dramu yatsopano palibe amene akupanga. Zimene takhala tikuchita zaka zonsezi ndi kuphwasula makina akufa kuti tidzutse ena, koma manje makina akufawo nawonso atha pa shelefu pathu, ndipo ukaitanitsa dramu yakale kunja ndalama yake ndi yambiri, kuonjezapo msonkho ndi thiransipoti, ifike kuno upeze kuti nayonso ndi yotha kale. Kumulipiritsa munthu ndalama zonsezo pa chinthu chimene sitingamupatse galanti, ife mtima wakana.

Ndiye tinakhala pansi n'kufunsana, mahedi abwino amene atsalawa agwire nchito yanji? Kuliza nyimbo pa sitingirumu Lamlungu masana, kapena kupulumutsa matepi amene alibe kope ina kulikonse? Mu Lusaka muno muli ma master ambiri, matepi oyamba amene makope amachokerako, a m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa 2000 amene ali pa DAT pokha, makwaya a mipingo, magulu a kalindula, masewero a pa wailesi, maulaliki, ena anajambula agogo awo kumudzi ku Katete kapena ku Lundazi akuimba ndi kusimba mbiri ya banja. Kaseti amene anagulitsidwa pa msika anali kope chabe, mawu enieni oyera ali mu katepi kakang'ono kaja kamene kali mu katoni pansi pa bedi. Ife tasankha matepiwo.

Makina amene tipitirize kulandira ndi aakulu a mu situdiyo amene timawadziwa bwino komanso tili ndi tizipangizo tawo pang'ono: Panasonic SV-3700 ndi SV-3800, Sony PCM-R500 ndi PCM-R700, Tascam DA-20 ndi DA-30. Pa amenewa tizichita sevisi yonse monga kale, kusintha malamba, pinchi rola ikauma, mabuleki, kuchotsa girisi wakale amene wauma n'kugwira magiya, kupukuta njira yonse ya tepi, kusintha makapasita. Chimene sitichitanso ngakhale pa amenewa ndi kusintha dramu. Tikayeza n'kupeza kuti hedi yatha tikuuzani chilungamo tsiku lomwelo, ndipo tikambirana za matepi anu m'malo mwa makinawo.

Timakina ta m'manja tija, Sony TCD-D3, TCD-D7, TCD-D8 ndi anzake, tasiya kulandira. Apa tikudziwa ena akhumudwa, makamaka atolankhani akale amene anayenda nato dziko lonse, ndipo ifenso timatikonda. Koma mkati mwake ndi mothinana kwambiri, timakapasita tating'ono tomamatira pa bodi timatuluka madzi ake tikakalamba, madziwo amadya tinjira ta kopa, ndiye umakonza apa mawa kwaduka pena, timagiya tapulasitiki nato tikungosweka tokha ukangotikhudza. Munthu amatenga makina ake akusangalala, pakapita nthawi pang'ono wabweranso, ndalama yapita kawiri. Komanso kamakina kotere kakayamba kudwala chimene kamayamba kuchita ndi kutafuna tepi, ndipo tepi ndiye chinthu chimene sitingakubwezereni.

Koma chonde, chonde, makina amene tasiya kukonzawo musataye, ndipo musapereke kwa munthu wina kuti apotokoze masikuluwu a mkati. Mvetserani bwino apa chifukwa ndi pamene anthu ambiri amataya nyimbo zawo. Tepi imadutsa pa timitengo tachitsulo timene timaiongolera kuti ikhale bwino pa dramu. Ngati makina amene munkajambulira anali atasuntha pang'ono timitengo timeneti, ndiye kuti matepi onse amene anajambula anatengera kupendekera komweko. Pa makina anuwo amalira bwinobwino, koma mukawaika pa makina olongosoka amadukaduka, kuthetheka, kapena zii osamveka kanthu. Munthu wosadziwa amati tepi yafa, pamene tepi ili bwino, ikungofuna makina amene anaibereka. Ndiye mukamabweretsa matepi, ngati makina amene anajambula akadalipo, bweretsani limodzi olo akhale akufa. Nthawi zina timawadzutsa kuti agwire nchito ya masiku ochepa chabe yokopera matepi akewo, nthawi zina timayang'ana mmene anakhalira n'kusuntha makina athu amodzi kuti afanane nawo. Kudzutsa kotereku tizichita ngakhale pa timakina ta m'manja tija, koma ndi kwa kukopera basi, sikukonza koti mubwerere nako kunyumba ndi galanti.

Kukopera kwake kumayenda chonchi. Timatenga mawu pa waya wa digito, S/PDIF kapena AES/EBU, kulowa mu kompyuta, osadutsa ku analogi, ndiye chimene chili pa tepi ndi chomwecho chimene mulandire, ngati inajambulidwa pa 48 kHz ikhala 48, ngati ndi 44.1 kHz ikhala 44.1, pa 16 bit. Timakupatsani mafayilo a WAV. MP3 tikhoza kukupangirani yoti muzitumizirana pa WhatsApp koma imeneyo si yosunga, yosunga ndi WAV. Tepi ya mphindi 120 imadya malo pafupifupi 1.4 GB, ndiye werengani matepi anu mubwere ndi fulashi kapena hadi draivu yokwanira, ndipo tikupempha ziwiri, ina muzisunga kunyumba kwina. Fulashi imodzi ya mu thumba la thalauzi si malo osungira nyimbo za kwaya yonse.

Nchito imeneyi ilibe chidule. Tepi ya maola awiri imatenga maola awiri, ndipo munthu amakhala pompo ndi mahedifoni kumvetsera, chifukwa DAT ikamavuta sichita phokoso la sss ngati kaseti wamba, imangothetheka kamodzi kapena kudumpha kachigawo ka sekondi, ukachokapo kupita kukagula chakudya sudziwa kuti chachitika. Pa Panasonic timathanso kuona nambala ya ma error pa sikirini, ikayamba kukwera timaimitsa, kupukuta, kubwereza, mwina kuyesa pa makina ena mpaka ituluke yoyera. Pamene pakanika timalemba pa pepala kuti pa mphindi yakutiyakuti pali vuto, kuti mudziwe. Ndiye mtengo tiziwerengera pa tepi malinga ndi kutalika kwake, ndipo tizikuuzani tisanayambe. Nkhani ya malaiti mukuidziwa nonse, magetsi akazima tepi ili yokulungidwa pa dramu ikhoza kupindika, ndiye makina okopera tawaika pa inveta ndi mabatire a sola, sitiwalumikiza ku jenereta. Izi zikutanthauza kuti pa tsiku timakopera matepi ochepa, mutipirire, amene wabwera ndi katoni yodzaza asayembekezere kutenga mawa lake.

Pali matepi ena ofunika kutiuziratu. Amene anajambulidwa pa LP, ija ya 32 kHz yoti tepi ya maola awiri ikwane maola anayi, si makina onse amawerenga. Amene anajambulidwa pa 24 bit ndi Tascam DA-45HR amafuna makina a mtundu womwewo, ife tilibe, ndiye ngati alipo wina mu Lusaka muno amene ali nawo atiuze tigwirizane. Enanso ankajambulira nyimbo pa matepi a kompyuta a DDS chifukwa amalowa bwinobwino, a 60 m savuta kwenikweni koma a 90 m ndi opyapyala, timawagwira mosamala kwambiri. Ndipo ngati nyimbozo si zanu, bwerani ndi chilolezo cha eni ake kapena a banja lawo, sitikopera master ya munthu wina popanda mawu ake.

Pamene mukudikira tsiku lobwera, musayese tepi kunyumba kuti muone ngati ikadali bwino. Kuyesa kumeneko ndi kumene kumapha matepi ambiri, makina akhala zaka osayatsidwa, rola yauma, mukuikamo master yokhayo imene muli nayo. Tsegulani kachitseko kakang'ono ka kumbuyo kwa kaseti kuti bowo lionekere, ikatero siingajambulidwenso mwangozi. Ikani matepi choimirira m'mabokosi ake, kutali ndi masipika, kutali ndi zenera, osati pafupi ndi malata kumene kumatentha mu Okutobala. Mvula ikayamba mu Novembala chinyontho chimabweretsa nkhungu, mukaona zoyera ngati ufa pa windo la kaseti musaiike mu makina aliwonse, ikani mu pepala la pulasitiki payokha mutibweretsere, nkhungu imatseka hedi ndipo imasamukira ku matepi ena.

Inu amene makina anu akadali amoyo ndipo mukufuna kuwasunga, zinthu zake ndi zomwe timanena tsiku lililonse pa kauntala. Vundikirani ndi nsalu nthawi ya fumbi, mphepo ya Ogasiti imalowetsa dothi paliponse. Mukawachotsa pozizira kupita nawo pofunda, monga m'mawa wa Juni kuchokera mu galimoto, asiyeni akhale kaye musanaikemo tepi, dramu ikachita thukuta tepi imamatirira n'kukulungika. Hedi musapukute ndi thonje la m'makutu, ulusi wake umakola n'kuthyola hedi, ndipo sipiriti wofiirira uja wa mu shopu ayi, timagwiritsa isopropyl ndi kachikopa kofewa, kuzunguza dramu ndi chala pang'onopang'ono, osakhula chokwera ndi chotsika. Tepi yopukutira ija imadya hedi, masekondi 10 akwana, osati tsiku lililonse. Ndipo amene mwagula makina pa intaneti onani kumbuyo musanalumikize, a ku Japan ambiri ndi a 100 V, a ku America 120 V, kuno magetsi athu ndi 230 V, popanda thiransifoma amapsa nthawi yomweyo.

Chinanso chimene chasintha ndi ndalama yoyezera. Kale tinkatsegula makina ulere n'kukuuzani vuto, manje muzilipira kandalama koyezera polandira risiti, chifukwa kuyeza DAT bwinobwino kumatenga theka la tsiku pa benchi. Mukavomera kuti tikonze, ndalamayo timaichotsa pa mtengo wonse. Amene makina anu tinalandira kale mwezi uno usanathe, olo akhale a m'manja, timaliza pa mgwirizano wakale, galanti imene tinalemba pa risiti yanu ikadali yomweyo.

Pa shelefu palinso makina amene eni ake sanabwere kudzatenga kwa nthawi yaitali. Tikupempha mubwere ndi risiti mudzatenge, kapena mutiuze ngati mukufuna kutigulitsa. Makina akufa a mitundu imene tatchula ija timagula, kapena timasinthana ndi kukopera matepi anu, mwina dramu ya makina anu akufawo ndi imene ingamalize matepi a mpingo wina. Palibe makina a munthu amene tiphwasule popanda iye kuvomera.

Amene muli kutali, ku Chipata, Petauke kapena ku Copperbelt, musangotumiza katoni pa basi ya ku Intercity osatiuza. Jambulani kaye matepiwo ndi foni, kutsogolo ndi kumbuyo kuti tione zolembedwa ndi kutalika kwake, mutumize pa WhatsApp pa nambala ili pa risiti yanu, tikuuzani mtengo ndi sabata yoti mutumize. Polongedza, tepi iliyonse ikhale mu bokosi lake, muikenso mu pulasitiki chifukwa cha mvula, ndipo lembani dzina la kwaya kapena gulu pa katoni. A mu tauni muno bwerani Lolemba mpaka Lachisanu, Loweruka timatseka masana.

Zikomo kwambiri, 
Ndife anu, a pa shopu yokonza makina a DAT, Kamwala, Lusaka