Mfuti yothina pakhosi ili ndi mavuto akenso

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata ndiyankhulepo pa mkangano wa anzathu owombera chandamale, oti mfuti ikathina kwambiri ndiye kuti ndi yabwino. Ine ndimathandizira pa lathe, makina osemera zitsulo, mu shopu yokonza mfuti kuno ku Joni ndiye izi ndimaziona ndi maso.

Kutsogolo kwa chamber, momwe mumakhala katiriji (chigoba cha wonga pamodzi ndi chipolopolo chake), pali kamalo kosalala kopanda mizere, amisiri amati throat kapena freebore, ife timangoti pakhosi. Chipolopolo chimadutsa pamenepo chisanalume mizere ya mumpope. Chipolopolo cha mtundu wa .308 Winchester kunenepa kwake ndi inchi 0.308, ndiye reamer, chitsulo choboolera, ya mfuti za mpikisano kawirikawiri imaboola pakhosi inchi 0.3085, mpata wotsala ndi pafupifupi 0.013 mm basi, tsitsi la munthu likunenepa kangapo kuposa pamenepo. Cholinga n'choti chipolopolo chisapendekeke polowa, chifukwa chikalowa chokhota chimatuluka chikugwedera ndipo pa mamita 900 pepala la chandamale limakuululani. Mpaka apa sinditsutsa.

Koma tinalandirapo bambo wina anakakamira kuti timuthinitsire kuposa pamenepo, abwana anamuletsa iye kukana, akuti ndalama ndi zake. Masiku oyamba inkamenya bwino zedi, anatitumizira zithunzi pa WhatsApp, mabowo ogundana. Kenaka mwaye unayamba kuuma pakhosipo ngati mphete, zipolopolo zomwe anagula ulendo wachiwiri zinali zonenepako pang'ono, bolt (chotsekera katiriji) n'kuyamba kulimba potsegula, ma primer (toyatsira wonga kumbuyo kwa katiriji) ophwatalala, kusonyeza kuti presha yakwera. Tsiku lina potulutsa katiriji yosawombera chipolopolo chinatsala mkati, wonga wonse n'kukhuthukira mu trigger. Amene anakhala masana onse ndi kabulashi kuchotsa timbewu ta wonga timeneto ndi ineyo.

Taganizani za Lee-Enfield .303 yomwe ankanyamula agogo athu, asilikali a King's African Rifles. Chamber yake inali yotakasuka dala kuti ngakhale mulowe fumbi kapena matope izitsekabe n'kulira. Ndiye mlenje woyenda m'thengo mu Okutobala, amene mfuti amaitsuka akakumbukira, pakhosi pothina pamupindulira chani? Izo n'za munthu woyeza chipolopolo chilichonse ndi micrometer, kachipangizo koyezera kunenepa, komanso wosatopa kutsuka mpope.

Bambo uja tinamubowoleranso pa 0.3085 pomwe anakana paja, ndipo analipira kawiri.

Wowerenga wanu,
Johannesburg