Tithandizeni kutengera ana athu ku High Peak Trail

Makolo ndi abale nonse kuno ku Derby, ku England, ndi madera ozungulira, moni. Ndife a komiti ya sukulu ya Chichewa ya Loweruka ija, ndipo tabwera ndi pempho, chonde werengani mpaka kumapeto musangodutsa.

Tchuthi chikubwerachi tikufuna kutengera ana ku High Peak Trail, njira yoyendamo pansi ndi panjinga kumapiri a Peak District, sikutali ndi kuno. Ambiri mwa ana athuwa mapiri amangowaonera pa foni, tchuthi chonse amathera m'nyumba poti makolofe tili pa shifiti usana ndi usiku, zimenezi zikutipweteka mtima.

Njira imeneyi kale inali njanji, Cromford and High Peak Railway, yomwe inatha kumangidwa mu 1831 kuti ilumikize ngalande ya maboti ya ku Cromford ndi ina ya ku Whaley Bridge, mtunda wa mamailosi 33. Anaijambula ndi Josias Jessop, ndipo poti nthawi imeneyo sitima sizikanatha kukwera mapiri oterewa, pamalo athyathyathya mabogi amakokedwa ndi mahatchi, akafika pachitunda amawamangirira ku tcheni, injini ya nthunzi yomwe inakhazikidwa pamwamba pa phiri n'kumakoka pang'onopang'ono mpaka afike. Katundu wambiri anali miyala ya laimu ya m'makwale a komweko.

Awiri a ife tinapita kukaona malowo kaye tisanalonjeze ana. Ku Middleton Top, pamwamba pa chitunda china cha njirayi, nyumba ya injini ikadalipo ndi injini yake yomwe ya 1829, chimakina chachitsulo abale, ukaima pansi pake umachita kudzimva kuchepa. Ndiye tinatsika chitunda cha Sheep Pasture wapansi, mawondo kunjenjemera, ndipo kumunsi kuli chidzenje chomwe anakumba ngozi ya mu 1888 itachitika, pomwe mabogi anaduka n'kuthamanga mtsetse wonse mpaka kudumpha ngalande ndi njanji ina ya kumunsi. Anachikumba kuti mabogi othawa azigweramo, ndipo mpaka lero muli bogi lophwanyika, lachita dzimbiri, udzu wamera m'mbali. Mnzangayo anangoima duu, kenako akuti izi mwana wanga akuyenera kuziona ndi maso ake, osati pa YouTube. Pamenepo ndi pomwe tinagwirizana kuti ulendowu uchitike basi.

Njanjiyi inatsekedwa mu 1967, kenako mu 1971 khonsolo ya Derbyshire ndi akuluakulu a paki ya Peak District anagula malowo n'kukonza njira ya oyenda pansi, apanjinga ndi apahatchi, mamailosi 17 kuchokera ku High Peak Junction mpaka ku Dowlow kufupi ndi Buxton. Ife sitiyenda yonse ayi, ana ang'ono sangathe, tingoyambira ku Middleton Top komwe kumtunda kwake njira ndi yosavuta kupalasa.

Tsono vuto ndi thiransipoti. Thumba la komiti ndi lopepuka kwambiri, zomwe tinasonkha zinathera kulipira holo yophunziriramo. Tikufuna ndalama ya minibasi ndi mafuta, komanso yobwerekera njinga poti ku Middleton Top amabwereketsa koma n'zolipira. Ngati muli ndi njinga ya mwana yomwe ingokhala m'galaja, kapena helimeti, tibwerekeni tidzabweza bwinobwino. Tikufunanso akuluakulu otiperekeza, makamaka inu muli kale ndi DBS (chikalata chofufuza mbiri ya milandu) chifukwa cha ntchito za kea zosamalira anthu, ndi amayi kapena abambo angapo otiphikira mpunga ndi mandasi a kamba. Majekete a mvula nawonso, kumtunda kuja mphepo yake si yamasewera ngakhale dzuwa likuwala.

Pali ana ena omwe makolo awo angofika kumene ndipo sangakwanitse kusonkha, amenewa sitikufuna kuwasiya, ndiye amene mungathe kulipirira mwana mmodzi owonjezera chonde teroni, sititchula dzina la mwana aliyense. Kangachepe kalikonse tilandira ndi manja awiri. Tipezeni Loweruka ku holo ana akaweruka, msungichuma adzakhala ndi kope lolembamo, kapena tilembereni pa gulu lathu la WhatsApp. Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni.